Bawo: masewera amene mabuku anachedwa kuwamvetsa

Osewera bawo amakhala awiri okha, koma aphungu ozungulira thabwa sawerengeka. Kaya ndi pakhonde la golosale ku Mangochi kapena pamsika ku Nkhotakota, woonerera aliyense amakhala ndi maganizo ake pa mmene mnzakeyo akanayendera. Thabwalo lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo miyala kapena mabulo ake ndi 64. Kwa zaka mazanamazana malamulo ake akhala akusungidwa pakamwa pa anthu otsutsanawa. Olemba mabuku anafika mochedwa, ndipo kwa nthawi yaitali ankangolemba zimene maso awo aona osafunsa eni masewera.

Limodzi mwa mabuku akale kwambiri otchula masewera a mtundu umenewu linatuluka mu 1658. Analilemba ndi Étienne de Flacourt, Mfalansa amene ankalamulira Fort Dauphin pachilumba cha Madagascar, ndipo anafotokozamo masewera a maenje 32 amene anapeza anthu akumeneko akusewera. Ku Mombasa, mlakatuli wa Chiswahili Muyaka bin Haji, yemwe anamwalira cha m'ma 1840, anayika bawo mu ndakatulo zake. Nthawi imeneyo amalonda a Chiyao anali akuyenda kale ulendo wautali wopita ku Kilwa atasenza minyanga ya njovu, pamene Aswahili otsogozedwa ndi Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Ofufuza ena amati bawo anadzera m'njira zomwezi kufika kunyanja ya Malawi, ndipo mawu monga mtaji ndi takata, amene amamveka pabawo kuno ndi ku Zanzibar komwe, amawaikira umboni.

M'zaka za m'ma 1890, Stewart Culin wa ku America analemba nkhani imene inatcha mancala, dzina lophatikiza masewera ogawa miyala m'maenje, masewera a Afrika yense. Cholinga chinali chabwino, koma dzina limodzilo linaunjika pamodzi zinthu zosiyana kwambiri. Oware wa ku Ghana ali ndi mizere iwiri ndi nthanga 48 basi. Omweso wa ku Uganda ndi nsolo amene amaseweredwa ku Zambia ndi kuno ali ndi mizere inayi, koma malamulo ake ndi ena. Wowerenga wa ku Ulaya anatsala ndi chithunzi cha anthu akuponya timiyala m'maenje kuti dzuwa lilowe, chithunzi chimene katswiri aliyense wa bawo angachikane mwaukali.

Amene anayesa kusiyanitsa bwino masewera a kuno anali Meredith Sanderson, dokotala wa boma la Nyasaland, mu nkhani yake ya mu 1913 yotchedwa Native Games of Central Africa. Sanderson ankadziwa Chiyao, ndipo ndi yemwe anamasulira m'Chingerezi buku la Yohanna Abdallah la mbiri ya Ayao lomwe linatuluka mu 1919. Kudziwa chinenero kunamuthandiza kumva zimene osewera ankanena okha.

Kodi chovuta n'chiyani pa bawo? Masewera amayamba miyala yambiri ili m'manja, ndipo wosewera amaika umodziumodzi pathabwa mpaka ithe. Akadya miyala ya mnzake saichotsa m'masewera ayi. Amaitenga n'kuyamba kuigawa kumbali yake kuchokera kumapeto a mzere wakutsogolo, ndipo mwala womaliza ukagwera pamene pali ina, ulendo umapitirira, mwina n'kudyanso kachiwiri kapena kachitatu. Kuyenda kumodzi kungathe kusintha maenje ambiri mbali zonse ziwiri. Palinso nyumba, dzenje la makona anayi, lokhala ndi malamulo akeake, ndipo kudziwa nthawi yoiphwasula kumasiyanitsa wophunzira ndi katswiri. Wogonja ndi amene mzere wake wakutsogolo wauma kapena alibenso poyenda.

Ngakhale poyambira penipeni pamasiyana. Ku Zanzibar m'nyumba amaikamo miyala 6 ndipo 22 imatsala m'manja, pamene ku Malawi amaikamo 8 n'kutsala ndi 20. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, komabe kumasintha mawerengedwe a masewera onse, ndipo munthu wophunzira bawo kuchokera m'buku kapena pafoni ayenera kuyamba wafunsa kuti malamulo amene akuwerengawo ndi a kuti. N'zodandaulitsa kuti zolembedwa zambiri zimene zimapezeka zimatsata Zanzibar, ngati kuti bawo wa kuno ndi mphukira chabe.

Ku Tanzania masewerawa anapeza bwenzi lamphamvu mwa Julius Nyerere, yemwe ankawakonda poyera, ndipo mu 1971 bungwe losunga zinthu zakale la dzikolo linasindikiza kabuku ka malamulo ake. Koma kusintha kwenikweni kunadza ndi Alex de Voogt wa ku Netherlands, amene anakakhala pansi ndi akatswiri a ku Zanzibar, kuwafunsa ndi kuyesa luso lawo lowerengera pamtima. Buku lake la mu 1995, Limits of the Mind, linatenga maganizo a osewera ngati nzeru zoyenera kuphunziridwa payunivesite. Linasonyeza kuti chifukwa thabwa limasinthika kwambiri pa kuyenda kumodzi, katswiri wa bawo sangaonere patali ngati wa chess, ndipo luso lake lagona pa kuwerengera mofulumira ulendo wautali wa miyala osaikhudza.

Kenaka makompyuta analowererapo. Mu 2002, John Romein ndi Henri Bal a ku Amsterdam anawerengera awari, mtundu wa oware, kufikira kumapeto, n'kupeza kuti osewera awiri osalakwitsa amalepherana. Pabawo akatswiri a makompyuta anakumana ndi china. Mu 2006, Tom Kronenburg, Jeroen Donkers ndi de Voogt anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti pali kakhalidwe kena ka miyala kamene wosewera akayamba kugawa samaliza: mwala womaliza umangogwera pamene pali ina, dzanja n'kumazungulira mizere iwiri ya mbali yake mpaka miyala ibwerere mmene inalili poyamba, ulendo n'kuyambiranso. Opanga mapulogalamu a bawo amayenera kuikamo lamulo lapadera lodula kuyenda kotere, apo ayi kompyuta ingamangogawa miyala osaima.