Kalendala ya Mpingo ndi Kalendala ya Khasu

Lero tikumbutsane mbiri ya masiku amene timasunga mu mpingo wathu wa Anglican, ndi momwe masikuwo anakumanirana ndi nyengo za kumunda kuno kwathu.

Ife okhala m'midzi yozungulira Mukuni sitifunsa kalendala kuti tidziwe nyengo. Utsi wa Mosi-oa-Tunya ukakwera mpaka kuonekera kutali, timadziwa kuti Zambezi wadzaza ndipo masika ayandikira. Ukachepa, miyala n'kuyamba kuonekera, ndiye kuti chilimwe chafika pachimake, tiyambe kusosa. Aleya, eni nthaka ino, anali ndi mwambo wa Lwiindi wopempha mvula ndi kuthokoza kalekale, Bedyango akuutsogolera pambali pa Mfumu Mukuni. Amishoni anapeza anthu odziwa kale kuti mvula ndi mphatso.

David Livingstone anafika pa mathithiwa mu November 1855. Pa 4 December 1857 analankhula ku Cambridge, kupempha kuti ena adzapitirize ntchito imene iye anayamba, ndipo pempholo linabala bungwe la UMCA. Gulu loyamba linakhazikika ku Magomero, m'dziko la Malawi, mu 1861, koma Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo mu January 1862. Ntchito inadzazika mizu pa chilumba cha Likoma kuyambira 1885. Kuno kwathu inafika mu 1910, pamene Bishopu John Edward Hine, amene kale anali bishopu wa ku Likoma, anabwera ku Livingstone. Tchalitchi cha St Andrew chinamangidwa m'tauni nthawi imeneyo, ndipo posakhalitsa anatsegula mishoni ya Mapanza pakati pa Atonga ndi ya Msoro kum'mawa pakati pa Akunda.

Amishoniwo anabwera ndi kalendala yopangidwira dziko lina. Ku England Khrisimasi imagwa m'chisanu, minda ili gonere. Pasaka imafika mitengo ikuphuka. Masiku atatu opempherera mbewu, amene amatsogolera tsiku la Kukwera Kumwamba, kumeneko amagwa mbewu zikukula kumene. Kuno masiku omwewo amatipeza tikukolola. Ngakhale mwambo wobweretsa zokolola m'tchalitchi si wakale kwambiri: wansembe Robert Hawker ndiye anauyambitsa ku Morwenstow mu 1843, ndipo kwawoko umachitika cha mu September kapena October, pamene ife tikuyang'ana kumwamba kudikira mitambo.

Makolo athu m'chikhulupiriro sanataye kalendalayo. Anaiyala pamwamba pa chaka cha khasu, ndipo inagwirizana nacho mwa njira imene alendowo sanaiganizire. Adventi, nyengo ya kudikira, imatipeza titabzala, tikudikira kuti mbewu zimere. Khrisimasi imatipeza tikupalira, manja ali matuza, ndipo Mwana wobadwira m'khola sakhala mlendo pakati pa anthu otopa. Lenti imagwa mu February ndi March, nkhokwe zitapepuka, ena akudya kamodzi pa tsiku. Pasaka ikamafika, mondokwa wapsa, maungu ali pamoto, ana ayambanso kusewera panja madzulo. Ndani mwa ife angalephere kumva za kuuka kwa akufa atadutsa m'miyezi ya njala?

Kukolola kukatha, mpingo umabweretsa masika ake paguwa: chimanga, mapira, mtedza, nkhuku, ena mbuzi. M'miyezi yopanda mvula ndi pamene timaumba njerwa, kumweta udzu, kukonza denga la tchalitchi ndi nyumba ya katekisiti. Ndi pamenenso misewu imayendeka, bishopu n'kufika kudzasanjika manja pa ana a kalasi. Maukwati ambiri ndi misonkhano ya amayi a Mothers' Union zimakomera nthawi yomweyi, chifukwa chakudya chilipo ndipo kumunda kulibe ntchito yothina.

Mmodzi mwa amene anasenza ntchitoyi kumudzi anali Leonard Kamungu, Mchewa wa ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota. Anaphunzira ku Kiungani pa chilumba cha Zanzibar, nadzozedwa unsembe mu 1909. Bishopu Hine atafuna womuthandiza, Kamungu anasiya kwawo kunyanja napita ku Msoro, m'chigwa cha Luangwa, kumene kumatentha koopsa ndipo mitsinje ikadzaza m'dzinja njira zimatsekeka. Anayenda pansi m'midzi, anatsegula masukulu, anabatiza Akhristu oyamba. Anamwalira pa 27 February 1913, mkati mwa Lenti, asanadye Pasaka ndi anthu ake. Lero ku Msoro kuli tchalitchi chachikulu cha St Luke, mpando wa bishopu wa dayosizi ya kum'mawa kwa Zambia, ndipo mpingo umakumbukira Kamungu chaka ndi chaka pa tsiku lomwelo.

Tsiku limenelo lili pakati penipeni pa njala, ndipo mwina n'chifukwa chake liyenera kutifunsa funso. Tonse tikukumbukira za 2024. Mvula inadula mbewu zili pa msinkhu wofuna madzi, chimanga chinapserera m'munda, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Chigawo chathu cha kum'mwera chinali pakati pa zokhudzidwa kwambiri. Ng'ombe zinawonda, zitsime zinaphwa. Chaka chimenecho tinaona kuti mpingo umene umadya kapena kugulitsa masika ake onse mu July umafika mu February wopanda choti n'kupatsa mkazi wamasiye.

Yosefe ku Igupto anasunga tirigu m'zaka zokhuta chifukwa anadziwa kuti zaka za njala zikubwera. Ife sitifunikira maloto a Farao. Kalendala yathu imatiuza chaka chilichonse kuti pambuyo pa masika kudzabweranso Lenti. Choncho pamene tikukonzekera tsiku la zokolola, akulu a mpingo akhale pansi ndi amayi ndi achinyamata, agwirizane kuti pa matumba amene adzabwere paguwa, angati adzathiridwe mankhwala oteteza ku anankafumbwe n'kusungidwa mpaka February. Alembe maina a okalamba, odwala ndi ana amasiye tsopano lino, njala isanabwere, chifukwa ikafika aliyense amayamba kuganiza za m'nyumba mwake. Asankhenso anthu awiri kapena atatu okhulupirika osunga makiyi, kuti pasadzakhale manong'onong'o.

Tipemphere. Atate wakumwamba, mwini mvula ndi dzuwa, tikuthokozani chifukwa cha atumiki anu amene anatibweretsera Uthenga Wabwino, ndi makolo athu amene anausunga m'midzi muno. Tiphunzitseni kukumbukira February tili mu July, kuti pasapezeke wogona ndi njala pakati pathu. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.