Buku la Agatha Christie Limene Linafika pa Zambezi

Mwa masewero onse a pa wailesi ya kanema, ocepa ndiwo aposa kukoma aja ofufuza munthu wakupha mnzace m'masiku akale. Ambiri a iwo anacokera m'mabuku a mai wa ku Mangalande, Agatha Christie. Bambo David Suchet anasewera Poirot, kazitape wa ndebvu zopota, kuyambira 1989 kufikira 2013, masewero 70, ndipo akonzi anasamala ndithu kuti magalimoto, zobvala ndi nyumba zikhale za zaka za m'ma 1930. Koma buku la maiyu limene linakhudza mtsinje wa Zambezi silinalandire ulemu wotere.

M'caka ca 1922 mai Christie ndi amuna ao anatsika pa doko la Cape Town, nakwera sitima ya pamtunda kufikira ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Miyezi yomweyo ku Joni kunali moto. Mtengo wa golidi unatsika, ndipo eni migodi anafuna kupatsa anthu akuda nchito zina za Azungu pa malipiro ocepa. Azunguwo anakana nchito natenga mfuti. M'mwezi wa March General Smuts anatumiza asilikali ndi ndege; anafa anthu oposa 150, ena a iwo akuda ophedwa popanda mlandu. Ndiwo masiku aja anyamata a ku Tamanda ndi madera onse a Fort Jameson anali kutsika ndi miyendo kumka ku migodi ya kumwera kukafuna ndalama ya msonkho.

Pa ulendowo panabadwa buku la The Man in the Brown Suit, lofalitsidwa mu 1924. Namwali Anne Beddingfeld aona munthu alikugwa pa njanje mu London. Mkazi wina apezeka wopotoledwa khosi m'nyumba ya ku Marlow. Anne alondola mapazi a wakuphayo pa nyanja, ku Cape Town, kufikira ku mathithi, kumene agwa m'phompho usiku napulumuka pa cisumbu ca m'Zambezi. Nkhani njokoma, koma mlembiyo anapeputsa za ku Joni: cipolowe anacikoloweka pa mbava imodzi yocenjera yogulitsa zida, ngati kuti malipiro sanali mlandu. Anthu akuda aoneka kwenikweni pa masiteshoni, alikugulitsa nyama zosema. Komabe cinsinsi conse cinagona m'nchito ya manja ao, pakuti miyala ya dayamondi inabisidwa m'mimba mwa nyamalikiti wa mtengo.

Mu January 1989, mwezi womwe Poirot anayamba kuoneka, a ku America anaonetsa bukuli pa wailesi ya kanema, Stephanie Zimbalist ali Anne. Nkhani anaisamutsira ku zaka za m'ma 1980, naiyambitsa ku Cairo. Za cipolowe ca ku Joni ndi za Smuts sizinachulidwe konse.