Pitso: Bwalo la Abasotho m'Mapiri a Lesotho

Pamene Moshoeshoe, mfumu ya Abasotho, anakakhazikika paphiri la Thaba Bosiu m'chaka cha 1824, anasonkhanitsa magulu a anthu amene anabalalitsidwa ndi nkhondo za nthawiyo, ndipo popeza gulu lililonse linali ndi mfumu yake, sakanatha kuwalamulira ndi mkondo wokha. Iye anadalira kwambiri pitso, msonkhano wapabwalo umene amuna onse akuluakulu ankaitanidwako kukakambirana za nkhondo, malo ndi malamulo atsopano. Pamsonkhanowu munthu wamba ankaloledwa kudzudzula mfumu pamaso pa anthu popanda kulangidwa, ndipo mfumuyo inkayankhula pomaliza, itamva kumene maganizo a khamulo apendekera. Kuponya voti kunalibe, komanso amayi sankapatsidwa mpata, chimene chinali chilema chachikulu cha dongosololi. Mphamvu yeniyeni ya anthu inali yakuti mfumu youma mutu ankaithawa, n'kukapempha malo kwa mfumu ina.

M'midzi milandu inkaweruzidwa pa khotla, bwalo la mfumu, ndipo kumeneko ankalengezanso za maboella, malo odyetserako ziweto amene ankatsekedwa kwa kanthawi kuti msipu ndi udzu wofolerera nyumba zikule.

Dziko la Abasotho litalowa m'manja mwa Britain mu 1868, pitso inayamba kusanduka malo olengezerako zimene akuluakulu a boma agamula kale, kufikira mu 1903 pamene bungwe la Basutoland National Council, limene mamembala ake ambiri anali mafumu, linalowa m'malo mwa pitso ya dziko lonse.