Mayaro, Makonti ndi Mkangano wa Chanco ndi Poly

Anzanga a m'gulu lino, mwana wanu akadzabwera ku holide n'kukuuzani kuti iye ndi yaro, musadzaganize kuti wayamba chamba. Akunena kuti ali chaka choyamba. Amene anamutsogolera ndi makonti, ndipo wa chaka chomaliza ndi finale, munthu woyenda ngati digiri ili kale m'thumba.

Mayinawa ali ndi kwawo. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, maphunziro n'kuyamba mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre. Nthawi imeneyo Chancellor College ndi Polytechnic anali anansi mumzinda umodzi. Mu 1973 Chancellor inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, Poly n'kutsala pa Blantyre. Mayina aataliwo ophunzira anawadula: Chanco, Poly. Mpikisano unakula. A Chanco, eni ake a malamulo ndi zolembalemba, ankati yawo ndi koleji imene Mulungu anaikonda koposa. A Poly ankayankha kuti Chingerezi sichimanga mlatho. A ku Bunda onse awiri ankangowatcha alimi, koma nsima ankadya ndithu.

Dzina limene limandikhudza ine ndi la tradi. Pa Chanco panali mayo, ana a m'tauni olankhula Chingerezi cha m'mphuno, ndi matradi, ochokera kumudzi. Taganizani mwana wa kuno ku Chia, wakulira pa ndalama ya chambo chimene mayi ake amathamanga nacho ku mabasi a pa msewu wa M5. Wakhoza bwino MSCE pa sukulu yoyendera, wasankhidwa, wafika ku Zomba ndi chikwama chimodzi. Asanatsegule ndi buku lomwe, anzake amuyeza kale ndi nsapato. Enatu amati n'zocheza chabe. Zocheza zake zimakomera amene akuseka. Chonditonthoza n'chakuti kuwididwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso, sikunkafunsa kuti kwanu n'kuti. Yo ndi tradi ankalembera sapu m'chipinda chimodzi, thukuta lofanana.

Pa mavuto mkangano unkayamba wagona. Mu February 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi wa pa Chanco, Blessings Chinsinga, kumufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi. Aphunzitsi ananyanyala ntchito, maphunziro anaima miyezi yambiri, ndipo a Poly anaima nawo limodzi.

Kenako banja linagawikana. Mzuni inali itatsegula kale mu 1999. Bunda inachoka n'kukhala LUANAR, ndipo mu 2021 Poly inasanduka MUBAS, sukulu za madokotala ndi anamwino n'kukhala KUHeS. Dzina la makolo, UNIMA, linatsalira Chanco, ngati mwana amene watsala ndi nyumba ya malemu. Koma kwerani minibasi pa Ginnery Corner lero, muuze kondakitala kuti mutsika pa Poly, sakufunsani kawiri.