Giza ndi Madzi Ofuna Malo

Ambiri a ife amene timati giza potchula chiwiya chotenthetsera madzi osamba, sitilingalira kuti dzinali lidachokera ku chisumbu cha Iceland, kumene kasupe wotchedwa Geysir amalavula madzi owira m'mwamba. Pakuti m'chaka cha 1868 mmisiri wopaka utoto wa ku London, Benjamin Waddy Maughan, atapanga chiwiya chimene madzi ankatsikiramo nakumana ndi kutentha kwa gasi, adachitcha dzina la kasupeyo. Koma popeza sadachiikire potulukira utsi, mpweya woipa unkangodzaza m'bafa momwemo, ndipo wosamba ankatha kukomoka asanatsuke ndi kumapazi komwe.

Amene adaumba giza monga tiidziwira lero ndiye Edwin Ruud, mbadwa ya ku Norway, amene ali ku Pittsburgh cha m'ma 1889 adakonza thanki yosunga madzi yodzisonkhezera yokha moto. Zidzukulu za thanki imeneyo nzachitsulo chokutidwa ndi galasi m'kati. Paipi ya madzi ozizira imatsikira pansi, otentha pokhala opepuka nakwera pamwamba. Ndipo m'katimo muli ndodo ya magnesium, imene ntchito yake ndiyo kudyedwa ndi dzimbiri m'malo mwa thanki, monga nkhosa ya nsembe ifera mwini wake.

Komatu chimene chasautsa amisiri onsewa nchimodzi: madzi akatentha amafufuma, ndipo sapanikizika ngati thonje m'thumba. Malita 150 akachoka pozizira kufika pa madigiri 60 amaonjezeka ndi malita oposa awiri, ndipo malita awiriwo ayenera kupeza kolowera, afune mwini nyumba, asafune. Akale adayankha mosavuta. Ku Britain ankaika thanki ya madzi ozizira kudenga ndi paipi yosatseka kukamwa. Ndipo kuno kwathu, kuseri kwa nyumba za atsamunda ndi za pamishoni, kunkakhala mgolo wogoneka pa njerwa, nkhuni zikuyaka pansi pake, ndi paipi yaitali yoloza kumwamba. Ndikumbuka mmene paipi yotereyo inkatsokomolera nthunzi mmawa, wosonkha moto naphula zikuni msanga, ife ana titathawira patali kuopa kupsa.

Koma walira mvula walira matope. Anthu atakhumba madzi otuluka mwamphamvu, adatseka paipi ija nalumikiza giza ku mapaipi a madzi a mumsewu, naikanso mavalavu oletsa madzi kubwerera kumene achokera. Ndipo pamenepo mpomwe kathanki kopumira kadayamba kufunika. Nkakang'ono ngati mphika wa ndiwo, kogawidwa pakati ndi mphira, mbali ina mpweya, mbali ina madzi, kotero kuti madzi akafufuma amakankha mphirayo, mpweya nupanikizika m'malo mwa chitsulo.

Tsono wofunsa ngati nkofunika, ndimuyankha kuti ayambe waona njira ya madzi ake. Pamene pali paipi yotsegula, kapena madzi ali ndi ufulu wobwerera kumsewu, kugula kathankiko nkutaya ndalama. Pamene njira yatsekedwa, asankhe: kapena valavu yodonthezera madziwo panja tsiku ndi tsiku, monga achitira ambiri ku South Africa, kapena kathanki kowasunga. Ndipo mmisiri wodziwa ntchito akafuna kukayesa, amadina kamlomo kake kofanana ndi ka tayala la njinga; pakatuluka madzi m'malo mwa mpweya, amadziwa kuti mphira yang'ambika.