Maria Sibylla Merian, Mayi Wojambula Mbozi

Mbozi imachokera kuti?

Lero ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti gulugufe amaikira mazira, mazirawo n'kuswa mbozi. Kale ku Ulaya sizinali choncho. Anthu ambiri ankakhulupirira kuti tizilombo timangotuluka m'matope ndi m'zinthu zowola. Mmodzi mwa anthu amene adathandiza kuthetsa maganizo amenewa ndi Maria Sibylla Merian.

Ubwana wake

Maria adabadwa mu 1647 mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Bambo ake, Matthäus Merian, ankasindikiza mabuku ndi zithunzi, koma adamwalira iye ali ndi zaka 3. Bambo ake omupeza, Jacob Marrel, anali katswiri wojambula maluwa, ndipo ndiwo adamuphunzitsa luso limeneli.

Ali ndi zaka 13, Maria adayamba kuweta mbozi zopanga ulusi wa silika. Ankazidyetsa masamba, n'kumaziyang'ana tsiku ndi tsiku. Adaona mbozi ikudya, ikufundula, ikudzikulunga m'chikwa, kenako ikutuluka ili ndi mapiko. Zonsezi ankazijambula.

Buku la mbozi

Mu 1679 adatulutsa buku la mbozi la zithunzi 50. Ojambula ena ankajambula gulugufe wakufa, ali yekhayekha. Maria sankatero. Pachithunzi chimodzi ankaikapo dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe, pamodzi ndi chomera chimene mboziyo imadya. Ngakhale mabowo amene mbozi yaboola patsamba ankawaonetsa. Ntchitoyi inkafuna kuleza mtima, chifukwa zikwa zina zimatha miyezi zisanatseguke, ndipo nthawi zina m'chikwa mumatuluka ntchentche kapena timavu m'malo mwa gulugufe.

Ulendo wa ku Suriname

Mu 1699 Mayi Merian anali ndi zaka 52 ndipo ankakhala ku Amsterdam. Adagulitsa zithunzi zawo kuti apeze ndalama, n'kukwera sitima yapamadzi ndi mwana wawo wamkazi Dorothea. Adapita ku Suriname, ku South America, dziko limene panthawiyo linkalamulidwa ndi Adatchi.

Azungu a kumeneko mtima wawo unali pa nzimbe ndi shuga basi. Ankawaseka mayiwa poona kuti awoloka nyanja chifukwa cha mbozi.

Amene adawathandiza

Nkhalango ya ku Suriname ndi yowirira. Amene ankalambula njira, kukumba mizu ndi kubwera ndi tizilombo anali eni dziko komanso akapolo ochokera ku Africa. Iwowa ndiwo ankadziwa chomera chodyedwa, chamankhwala ndi chakupha. Adawaonetsa mmene amakonzera chinangwa: kuchipala, kufinya madzi ake apoizoni, n'kuphika mkate ndi zotsalazo.

Amayi ena adawauzanso nkhani yowawa. Adati akapolo ankagwiritsa ntchito njere za chomera china cha maluwa ofiira pochotsa mimba, kuti ana awo asadzabadwire mu ukapolo. Mayi Merian adalemba zimenezi m'buku mwawo, ndipo adanena poyera kuti Adatchi ankazunza akapolo. Komabe tisawakometse kwambiri. Nawonso ankagwiritsa ntchito akapolo, ndipo mayina a anthu amene adawaphunzitsawo sadawalembe.

Buku lalikulu

Mu 1701 adadwala n'kubwerera ku Amsterdam. Mu 1705 adatulutsa buku la tizilombo ta ku Suriname la zithunzi 60. Zithunzizo ankazigoba pamkuwa, n'kuzidinda papepala, ndipo wofuna kulipira zambiri ankamupakira mitundu pamanja. Chithunzi choyamba ndi cha chinanazi chili ndi mphemvu. M'bukumo mulinso chule amene amaberekera mazira ake kumsana.

Chithunzi china chidautsa mkangano. Chimaonetsa kangaude wamkulu waubweya akudya kambalame. Patapita zaka zoposa 100, akatswiri ena adati limeneli ndi bodza. Koma Henry Walter Bates wa ku England atapita ku nkhalango ya Amazon, adadzionera yekha kangaude wotere atagwira timbalame.

Imfa yawo

Mayi Merian adamwalira ku Amsterdam mu 1717. Mfumu Peter ya ku Russia idagula zithunzi zawo zambiri, ndipo zili ku Saint Petersburg mpaka lero. Carl Linnaeus, amene adakonza njira yopatsira mayina zomera ndi nyama, adagwiritsa ntchito zithunzi zawo potchula mitundu ina ya tizilombo. M'zaka za m'ma 1990, dziko la Germany lidaika nkhope yawo pandalama ya pepala ya 500 mark.