Mbiri ya Njinga Yachitsulo

Mwa zinthu zonse zoyendera zimene anthu adatulukira, palibe chimene chidafika m'manja mwa anthu wamba ochuluka kuposa njinga yakapalasa. Mlimi, mphunzitsi, mwana wa sukulu ndi wogulitsa nsomba, onsewa amaidziwa bwino, koma ndi owerengeka okha amene amadziwa kumene idachokera. Kwa zaka zoposa 100, njinga zonse zodalirika, kuyambira yonyamulira thumba la chimanga mpaka yothamangira pa mipikisano ikuluikulu ya ku Ulaya, zinkapangidwa ndi mapaipi achitsulo. Akatswiri a mipikisano adachisiya chitsulocho kalekale, komabe pali anthu ambiri amene akusungabe njinga zakalezo, kuzikonza ndi kumazikwera monyadira. Mbiri ya njingazi ndiyo imafotokoza chifukwa chake.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo njinganso sidatulukiridwe ndi munthu mmodzi. M'chaka cha 1817, Karl von Drais wa ku Germany adapanga chinthu chamatabwa cha magudumu awiri, chopanda mapedulo, chimene wokwera ankachiyendetsa pokankha pansi ndi mapazi. M'zaka za m'ma 1860, amisiri a mu mzinda wa Paris, monga Pierre Michaux ndi Pierre Lallement, adamangirira mapedulo ku gudumu lakutsogolo. Njingazi zidali zolemera ndiponso zogwedeza kwambiri, mwakuti anthu a ku England adazipatsa dzina lotanthauza kuti chogwedeza mafupa. Pofuna liwiro, amisiri adayamba kukulitsa gudumu lakutsogolo mpaka lidafika m'chifuwa mwa munthu. Wokwera ankakhala pamwamba penipeni, ndipo gudumulo likangogunda mwala iye ankagwa chamutu.

Vutoli lidatha m'chaka cha 1885 pamene John Kemp Starley wa ku Coventry adatulutsa njinga yotchedwa Rover. Magudumu ake adali ofanana pafupifupi, wokwera ankakhala pakati pa magudumuwo, ndipo tcheni ndicho chinkapititsa mphamvu ya miyendo ku gudumu lakumbuyo. Patapita zaka zitatu, mu 1888, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, John Boyd Dunlop, adapangira mwana wake matayala opopa mpweya. Zinthu ziwirizi zitakumana, njinga idatenga maonekedwe amene ili nawo mpaka lero. Koma kufewa kwa matayalawo kudali ndi mtengo wake. Kufunika kwa mphira kudakula zedi, ndipo ku Congo, dziko limene Mfumu Leopold II ya ku Belgium idalilamulira ngati munda wakewake kuyambira 1885 mpaka 1908, anthu ankakakamizidwa mwankhanza kukasonkhanitsa utomoni wa mphira m'nkhalango.

Mtima wa njinga ndi fulemu yake. Fulemuyi imapangidwa molumikiza mapaipi kuti apange zinthu ziwiri za makona atatu, chifukwa chinthu cha makona atatu sichipindika msanga chikasenza katundu. Amisiri adazindikira kuti paipi imavutika kwambiri kumapeto, pamene yalumikizana ndi inzake, pomwe pakati pake sipalandira mphamvu yochuluka. Motero mu 1897 Alfred Reynolds wa ku Birmingham adalembetsa njira yopangira mapaipi okhuthala kumapeto koma opyapyala pakati. Kunja paipiyo imaoneka yofanana ponseponse, popeza kusiyanako kumakhala m'kati. Mu 1935 kampani yake idatulutsa mapaipi otchuka a Reynolds 531, a chitsulo chosakaniza ndi manganese ndi molybdenum, amene pakati pake khungu lake silinkakwana ngakhale milimita imodzi. Ku Italy nako, kampani imene Angelo Luigi Colombo adayambitsa ku Milan mu 1919 idatchuka ndi mapaipi a Columbus.

Kulumikiza mapaipi opyapyala chotere kunkafuna dzanja lodekha. Mmisiri ankalowetsa nsonga za mapaipi m'timakolala tachitsulo, n'kutenthetsa malowo mpaka mkuwa wosungunuka udalowerera m'mipata yonse. Moto ukachepa, mkuwawo sunkafika ponse. Ukachuluka, chitsulo chinkafooka. N'chifukwa chake amisiri ena ankatchuka ngati momwe amatchukira osema ng'oma kapena oumba mbiya, ndipo wothamanga ankapita kukayezedwa miyendo ndi msana kuti amupangire njinga yomukwana ngati suti ya telala. Njinga yampikisano yotere inkalemera makilogalamu pafupifupi 10. Idali ndi matayala aang'ono, chishalo chachikopa ndi chiwongolero chopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, kuti wokwera aziwerama ndi kupewa mphepo.

Pamene njingazi zidayesedwa koposa ndi pa mpikisano wa Tour de France, umene udayamba mu 1903. Mpikisano woyambawo udali wa makilomita 2,428 ndipo adapambana ndi Maurice Garin. Mkulu wa mpikisanowu, Henri Desgrange, adali munthu wouma mtima. Limodzi mwa malamulo ake lidali lakuti njinga ikawonongeka, wokwerayo aikonze yekha popanda womuthandiza.

Lamuloli lidabala nkhani imene imakambidwabe mpaka lero. M'chaka cha 1913, Eugène Christophe wa ku France adali ndi mwayi waukulu wopambana. Tsiku lina, pa ulendo wochokera ku Bayonne kupita ku Luchon, akutsika phiri la Tourmalet, foloko ya njinga yake idathyoka. Iye adasenza njingayo paphewa nayenda pansi makilomita oposa 10 kufikira pa mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, pamene adapeza chipala. Mwini chipalacho sadaloledwe kugwira kanthu. Christophe, amene paunyamata wake adagwirapo ntchito ya zitsulo, adatenga nyundo nayamba kusula yekha, oyang'anira mpikisano ali chilili pambali kuonetsetsa kuti lamulo lisaswedwe. Idafika nthawi imene manja ake onse awiri adali otanganidwa, ndipo kamnyamata kena kadamuvukutira mvukuto. Chifukwa cha chimenechi chokha, oyang'anira aja adamulipiritsa mphindi 10, pamwamba pa maola ambiri amene adali atataya kale. Komabe iye adakwera njinga yake yokonzedwayo, nakwera mapiri otsalawo, ndipo pa mapeto a mpikisano wonse adakhala wachisanu ndi chiwiri. Mu 1919 adakhala munthu woyamba kuvala malaya achikasu a mtsogoleri wa mpikisano, koma chaka chimenechonso foloko idamuthyokera. Tour de France sadapambanepo, koma pa khoma la chipala chija padaikidwa chikwangwani chomukumbukira. Nkhaniyi ikuonetsa ubwino waukulu wa chitsulo, wakuti chikathyoka, moto, nyundo ndi luso zimachibwezera pa msewu.

Vuto lina la othamanga akale lidali la magiya. Gudumu lakumbuyo linkakhala ndi mano mbali zonse ziwiri, ndipo munthu akafika pa chitunda ankatsika, kumasula gudumu, kulitembenuza ndi kulimanganso. Tullio Campagnolo wa ku Vicenza adavutikapo ndi manati a gudumu ali pa phiri lozizira, zala zake zitauma ndi chisanu. Mu 1930 adalembetsa kachitsulo komasulira gudumu ndi dzanja limodzi popanda sipanala, ndipo mu 1933 adatsegula kampani yake. Chipangizo chosuntha tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina munthu ali pa njinga chidaloledwa kwa onse mu Tour de France mu 1937. Kuchokera apo njinga yachitsulo idafika pachimake. Fausto Coppi, atakwera njinga ya Bianchi, adapambana mipikisano iwiri ikuluikulu, wa ku Italy ndi wa ku France, m'chaka chimodzi, ndipo adachita zimenezi kawiri, mu 1949 ndi mu 1952. Eddy Merckx wa ku Belgium, amene adapambana Tour de France kasanu, adapalasa makilomita 49.431 mu ola limodzi ku Mexico City mu 1972, pa njinga yachitsulo yopangidwa ndi Ernesto Colnago.

Njinga yampikisanoyi idali ndi mbale wake wolemera, wakuda, wa mabuleki a timitengo tachitsulo, madigadi ndi kaliyala. Kampani ya Raleigh ya ku Nottingham, imene Frank Bowden adaikulitsa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, idatumiza njinga za mtundu umenewu kumaiko ambiri a mu Africa ndi Asia. Mu 1932 idagulanso dzina la njinga za Humber. M'nthawi ya Nyasaland, amuna obwerera kuchokera ku ntchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg, kumene anthu ankati ku Joni, ankalakalaka kufika kumudzi ndi njinga, pakuti idali umboni wakuti ulendowo sudapite pachabe. Pambuyo pake padabwera njinga za Hero zochokera ku India ndi za Phoenix zochokera ku China, zimene zidatengera kapangidwe komweko. Anyamata a kabaza ndiponso amisiri okonza njinga pansi pa mitengo m'misika ya m'Malawi akugwiritsabe ntchito nzeru za Starley ndi Dunlop tsiku ndi tsiku.

Ku mipikisano, ufumu wa chitsulo udayamba kugwedezeka m'zaka za m'ma 1980. Padabwera mafulemu a aluminiyamu, ndipo kenaka a ulusi wa kaboni woumitsidwa ndi utomoni, opepuka kwambiri ndiponso otheka kuumbidwa m'maonekedwe odula mphepo. Timitengo tosinthira magiya tidachoka pa fulemu n'kupita pa chiwongolero. Miguel Indurain wa ku Spain, mu 1994, ndiye amadziwika kuti adali womaliza kupambana Tour de France pa fulemu yachitsulo. Mu 2002 kampani ya Raleigh idaleka kupanga njinga ku Nottingham, mzinda umene idagwiramo ntchito zaka zoposa 100. Njinga zambiri za amisiri otchuka zidaponyedwa m'nyumba zosungiramo katundu, zina n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha.

Koma madzi saiwala khwawa. Mu 1997, Giancarlo Brocci adayambitsa ulendo wa panjinga wotchedwa L'Eroica m'tauni yaing'ono ya Gaiole in Chianti, m'chigawo cha Tuscany ku Italy. Chimodzi mwa zolinga zake chidali kuteteza misewu yakale ya miyala yoyera ya m'deralo kuti isathiridwe phula. Chaka choyamba padali okwera 92 okha, koma m'kupita kwa zaka chiwerengerocho chidafika pa zikwi zingapo. Lamulo lalikulu la ulendowu lidakhala lakuti njinga ikhale ya kapangidwe ka 1987 kapena m'mbuyo mwake, yokhala ndi timitengo ta magiya pa fulemu ndi malamba omangira mapazi ku mapedulo. Njira yake yaitali imapitirira makilomita 200. Maulendo ofanana nawo adayambikanso m'maiko ena, ndipo njinga zimene zidatayidwa zija zidayamba kufunidwanso.

Kukwera njinga yotere kumafuna luso lake. Posintha giya, wokwera amachotsa dzanja limodzi pa chiwongolero, n'kukankha kamtengo pang'onopang'ono uku akumvetsera ndi khutu kufikira tcheni chitaleka kulira. Asanaime amayenera kukumbukira kumasula lamba wa ku phazi, apo ayi amagwera limodzi ndi njinga. Mabuleki ake sagwira mwamphamvu ngati a masiku ano, makamaka mvula ikagwa, kotero munthu amayamba kuchepetsa liwiro akadali patali. Okonda njingazi amati chitsulo chimagonja pang'ono pa msewu wa mabampu, ndipo thupi silitopa msanga pa ulendo wautali.

Kusamala kwake n'kosavuta, koma kumafuna khama. Mdani wamkulu wa chitsulo ndi dzimbiri, ndipo loopsa kwambiri ndi lija lodya paipi kuchokera m'kati mosaoneka. Chifukwa cha ichi mwini njinga amaisunga pouma, amaipukuta ikanyowa ndipo amathira mafuta pang'ono m'kati mwa mapaipi. Paipi yonyamula chishalo imazulidwa nthawi ndi nthawi n'kupakidwa girizi, chifukwa ikasiyidwa zaka zambiri imamatirira osatulukanso. Timipira tachitsulo ta m'mahabu timatsukidwa ndi palafini, n'kubwezeredwa mu girizi watsopano. Masipoko amamangidwa mofanana kuti gudumu lisayende mokhota, ndipo chishalo chachikopa chimatetezedwa ku mvula. Chovuta chenicheni ndi kupeza zipangizo, popeza amisiri a ku England, France ndi Italy ankatsata miyeso yosiyana, mwakuti chomangira cha fulemu ya dziko lina sichilowa pa fulemu ya dziko linzake. Ngakhale zili choncho, fulemu yopindika imatha kuwongoledwa, ndipo paipi imodzi ikaola mmisiri amasungunula mkuwa uja, kuichotsa ndi kuikapo ina.

Pomaliza, mbiri ya njinga yachitsulo ikusonyeza kuti phindu la chipangizo siliyezedwa ndi liwiro lokha. Njinga za kaboni zimathamanga kuposa zachitsulo, ndipo palibe angatsutse zimenezi, koma zikasweka zimafuna akatswiri ndi zipangizo zimene sizipezeka pa msika wa kumudzi. Njinga yachitsulo yosamalidwa bwino imatha kutumikira bambo, mwana wake ndi mdzukulu, ndipo aliyense wa iwo angathe kuiphwasula, kumvetsa mmene imagwirira ntchito ndi kuimanganso ndi masipanala ochepa chabe. M'dziko limene katundu wambiri akupangidwa kuti agwiritsidwe ntchito kanthawi kochepa n'kutayidwa, luso la mmisiri wokonza njinga pa msika ndi chuma choyenera kuchilemekeza ndi kuchiphunzira.